Oyilo akudontha mbali ya timing pa Corolla yanga yakale, ndiyambire pati?

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji akuluakulu pagulu pano. Ndili ndi vuto ndi ka Corolla kanga, AE100 ya 1994, injini 5A, ija ndinagula kwa malume anga atapuma ntchito. Miyezi iwiri tsopano mmawa uliwonse ndikasuntha galimoto ndimapeza oyilo pa simenti, mbali ya dalaivala kufupi ndi tayala lakutsogolo, poyamba anali madontho awiri atatu koma pano pakumakhala chibanga ngati chikhatho changachi. Ndikumathira theka la lita pa masabata awiri aliwonse chonsecho ulendo wanga ndi wa Area 25 kupita mtauni nkubwerera basi. Mwezi watha munthu wina anasintha gasiketi ya top cover (chivundikiro cha pamwamba pa injini) nkupaka silikoni mbali zonse koma palibe chinasintha. Dzulo ndinatsegula ndekha top cover ndi ka cover kapulasitiki ka timing, mkati monse mwanyowa ndipo lamba wa timing, uja amalumikiza crank ya pansi ndi cam ya pamwamba, akuchita kuwala ndi oyilo. Ndiyambire pati abale

Wa Taxi ku Kawale: imeneyo ndi cam seal bwana, kalabala kozungulira kotchinga oyilo pa shaft ya cam, musavutike nkuganiza. Yanga inapanga chimodzimodzi

Achimwene a ku Kanengo: Mwina ndi crank seal, inzake ya pansi pa shaft ya crank. Onse awiri ali mbali imodzi ndipo lamba akamazungulira amamwaza oyilo paliponse nde sungadziwe ndi maso okha

Madala a ku Biwi: Bambo a Tadala musagule kanthu kaye. Ndakhala pansi pa ma Corolla amenewa kuyambira akubwera kumene kuchokera ku Japan ndipo chimene chimaonongetsa anthu ndalama ndi kulosera. Oyilo satha kukwera phiri yekha, amatsika, ndiye funani malo apamwamba kwambiri amene anyowa. Tsukani mbali yonseyo ndi palafini pang'ono ndi kaburashi, pukutani paume, bwezerani top cover, lizani injini mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenako tsegulaninso muunike ndi tochi kuseri kwa pule ya cam. Mukaona kanjira ka oyilo watsopano kakuchokera pansi pa shaft kutsika ndi head, imeneyo ndi cam seal. Kumwamba kukakhala kouma koma pansi pafupi ndi oil pump ponyowa, ndi ya crank. Palafiniyo asakhudze lamba ngakhale kuti lambayo watha kale ntchito.

Bambo a Tadala: Zikomo madala. Koma lamba watha bwanji poti sanaduke ndipo mano ake onse alipo? Ndimaganiza zongomupukuta

Madala a ku Biwi: Ayi mwanawanga. Lamba wa timing ndi labala wokhala ndi ulusi mkati, akamwa oyilo amafewa nkufufuma, mano amayamba kusosoka pa tsinde. Kunja amaoneka bwino mpaka tsiku limene adzasosoke mano asanu nthawi imodzi. Kupukuta kumangochotsa wapamwamba, amene walowa mkati sachoka.

Mai a Pempho: Mverani madalawo bambo. Ine Sprinter yanga ili ndi injini yomweyo, inkadontha chonchi ndipo ndinkangoti bola ndizithira oyilo, mwezi wamawa mwezi wamawa. Tsiku lina tikuchokera ku maliro ku Dedza titangodutsa pa Nathenje injini inangozima ngati munthu wathimitsa kiyi, cha m'ma 7 usiku, ndili ndi ana awiri ndi apongozi mgalimoto. Ukaliza sitata ikungozungulira mopepuka osagwira. Tinakhala pa M1 paja mpaka 10 kudikira wotikoka, ma truck akudutsa galimoto kuchita kugwedezeka, ana akulira. Ndalama yokokera yokha inaposa ya lamba ndi ma seal onse kuphatikiza. Mpaka lero ndikaona dontho pansi pa galimoto mtima umapita pa usiku uja

Wa Taxi ku Kawale: pepani mai. koma mwayi wake 5A lamba akaduka sipinda ma valve, umangoika wina nkumapita. Ikanakhala 2C ya dizilo bwezi mukugula head

Mai a Pempho: Zoona ma valve sanapindike. Koma mwayi umenewo suchotsa mantha a pamsewu usiku achimwene

Mnyamata wa ku Technical: Moni makolo, ine ndikuphunzira umakaniko ku Lilongwe Technical, ndiloleni ndiwonjezere pang'ono. Pa 5A-FE ma cam alipo awiri koma lamba amazunguza imodzi yokha, ya exhaust, ili kutsogolo mbali ya radiator. Ya intake imazunguzidwa ndi giya mkati mwa head. Ndiye cam seal ndi imodzi basi, wina asakugulitseni ziwiri kuti ina ndi ya cam inayo. Mbali inayo ya cam yomweyo kuli distributor, nayonso ili ndi O ring amene amadontha koma oyilo wake amagwera pa gearbox osati mbali mukunenayi

Achimwene a ku Kanengo: Ine ndinamva kuti ukathira ka brake fluid pang'ono mu oyilo ma seal amafufuma kudontha nkusiya. Anyamata ena amapanga akafuna kugulitsa galimoto

Madala a ku Biwi: Chonde zimenezo zisalowe pagulu pano ngati malangizo. Amafufuma inde, sabata imodzi kapena ziwiri, koma osati seal imodzi yokha, onse mu injini mpaka a ma valve, kenako amasanduka phala. Munthu amene wagula galimoto yoteroyo ndi amene amadzalira. Ndaonapo injini zotere zikubwera kwa ine zikufuka ngati uvuni ya njerwa. Ngakhale timabotolo ta stop leak tija, pa seal imene yauma ngati chikopa cha ng'oma kwa zaka makumi atatu sitithandiza, ndipo lamba wonyowayo akhalabe wonyowa.

Achimwene a ku Kanengo: Ndamva madala, ndimangofunsa

Bambo a Tadala: Ndapanga zija munanena madala, ndangomaliza pompano. Kanjira kakuchokera ndendende kuseri kwa pule ya cam, kutsika mpaka pansi. Ndiye ndi cam seal. Funso langa, ndingapange ndekha Loweruka? Ma sipanala ndili nawo, jeke ndili nayo, ma brake pad ndi radiator ndimasintha ndekha koma timing sindinagwirepo. Kunena zoona nditaona silikoni amene anapakidwa mwezi watha uja, wina akulendewera mkati mwa head ngati zingwe, mtima wanga sukufunanso kungosiya galimoto kwa munthu ine nkuchokapo

Wa Taxi ku Kawale: mungathe. Ndipo simukufunika kumasula zapansi, pali kachitseko kalabala pa cover yapansi, mumalowetsa soketi nkumasula tensioner (kagudumu kokungira lamba), lamba mumangomuvula pa pule ya cam nkumumangirira ndi waya kuti asagwe pansi. ola limodzi mwamaliza

Madala a ku Biwi: Njira imeneyo ilipo ndithu ndipo imagwira lamba akakhala wouma komanso watsopano. Apa lamba akusinthidwa ndiye zapansi zimasulidwa basi. Ndipo poti mwafika kale kumeneko sinthani ndi crank seal, msinkhu wake ndi umodzi ndi inzakeyo, simungakonde kumasulanso mounting ya injini pakatha miyezi itatu chifukwa cha kanthu kotchipa chonchija. Tensioner muizunguze ndi chala, ikamalira kapena kugwedera isintheni pamodzi ndi ka spring kake. Pa ntchito imeneyi chodula si seal, ndi ulendo wokafika pamene pali seal.

Mai a Pempho: Nanga water pump? Ine anandiuza kuti nayo isinthidwe

Mnyamata wa ku Technical: Pa injini zina inde mai chifukwa imayenda ndi lamba wa timing, koma pa 5A imayenda ndi lamba wakunja uja wa alternator. Ngati sikudontha madzi ndipo sikulira itha kudikira

Bambo a Tadala: Zogula ndiye lamba, cam seal, crank seal, mwina tensioner, ndi gasiketi ina ya top cover poti ija yaphikidwa ndi silikoni. Ndikagule kuti zosakhala feki? Mitengo nayo chichokereni devaluation ya 44% ija ya November 2023 sikukhazikika, ukafunsa lero mawa yasintha

Wa Taxi ku Kawale: yendani mashopu a ku Malangalanga atatu anayi musanatulutse ndalama, kenako mufunsenso ku Biwi. osagula pa shopu yoyamba

Madala a ku Biwi: Nenani injini, 5A-FE, osangoti Corolla chifukwa ma Corolla ali ndi injini zambiri ndipo malamba amasiyana mano. Lamba wakale mupite naye kapena muwerenge mano ake. Mukapeza Mitsuboshi, Bando kapena Gates weniweni ndi bwino. Seal funani NOK kapena ya mu paketi ya Toyota. Pa seal pamalembedwa manambala atatu, kukula kwa mkati, kwa kunja ndi kunenepa kwake, afanane ndi yakale. Muigwire mmanja, mlomo wake ukhale wofewa wosalala wopanda tinyenyeswa, ka spring kamkati kakhale kokhazikika. Ndipo gulani ziwiri za cam. Munthu woyamba kumene nthawi zambiri amaononga yoyamba, ndiye Loweruka masana mashopu akutseka mudzasowa pogwira.

Mnyamata wa ku Technical: Chinanso chimene anthu amaiwala ndi PCV valve, ili pa top cover pomwepo ndi kapaipi kopita ku intake. Ikatsekeka mpweya umene umadutsa ma ring umasowa kotulukira nde umakankha oyilo pa ma seal. Mutha kuika seal yatsopano nkuyambanso kudontha. Izuleni muigwedeze pafupi ndi khutu, ikuyenera kulira ngati muli kamwala mkati

Bambo a Tadala: Aaa ndaizula pompano, siikulira olo pang'ono, yadzadza ndi phala lakuda ndipo kapaipi kake kauma gwa. Mwandithandiza achimwene, izi sindikanaziganiza

Admin: Nkhani yabwino iyi. Amene mukutumiza zotsatsa mapuloti dikirani kaye ithe, ndikufufuta

Madala a ku Biwi: Tsopano mvetserani dongosolo la Loweruka, ndilemba kamodzi. Chotsani waya wa negative pa batire. Kwezani mbali ya dalaivala, chotsani tayala ndi chipulasitiki chamkati, galimoto ikhale pa stand kapena pa chipika cholimba osati pa jeke yokha, ndinaika maliro a mnzanga chifukwa cha jeke ndiye pamenepa sindinyengerera. Mabawuti a pule ya water pump muwamasule lamba wakunja asanachoke, akachoka imangozungulira. Mapulagi achotseni kuti injini izizungulira mopepuka. Zunguzani crank molowera kumene mawotchi amayendera mpaka kamzera ka pa pule kafike pa 0 pa cover, ndipo kabowo ka pa pule ya cam kayang'anane ndi chizindikiro cha pa cap yoyamba (kachitsulo kogwirira cam pa head) kuseri kwake. Kakapanda kuoneka zunguzaninso kamodzi. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Kenako jeke pansi pa sampu mutaika thabwa pakati, nkumasula mounting.

Wa Taxi ku Kawale: bawuti ya crank ndi imene idzakulizeni. ine ndimaika chisipanala chachitali nkuchitsamiritsa pansi kenako kugunda sitata kamodzi, imamasuka yokha

Mnyamata wa ku Technical: Imagwira pa Toyota chifukwa injini imazungulira mbali yoyenera, pa ma Honda akale imazungulira mobwerera nde mungamangitse mmalo momasula. Koma mukapanga zimenezo panganitu musanaike ma mark, lamba akadali pomwepo, mawaya a mapulagi atachotsedwa kuti isalire, ndipo pasakhale munthu pafupi ndi sipanalayo

Madala a ku Biwi: Ngati ndi ya manual ikani giya 5 wina aponde buleki mwamphamvu, imamasuka bwinobwino ndi paipi pa sipanala. Ya sitatayo ikhale yomaliza. Pule ya crank musaimenye ndi hamala kapena kuikanula ndi ma tyre lever, mubwereke puller. Ya cam nayo musaigwire ndi lamba pomasula bawuti, pa shaft penipeni pali malo a makona sikisi ogwirapo ndi sipanala, gwirani pamenepo, sipanalayo isatsamire pa head chifukwa ndi aluminiyamu imasweka.

Bambo a Tadala: Yanga ndi manual. Ndasunga zonsezi, mlamu wanga abwera kudzandigwirira

Bambo a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Tayamba 6 koloko kusanatenthe. Bawuti ya crank yamasuka ndi giya 5 ndi paipi. Lamba atachoka ndamupinda chagada, pa tsinde la mano pali ming'alu yokhayokha ndipo dzino limodzi ndalisosola ndi chikhadabo basi. Mai a Pempho ndakukumbukirani. Pano pule ya cam yachoka, seal ndikuiona, yauma ngati pulasitiki. Ndiitulutse bwanji osakanda shaft?

Madala a ku Biwi: Pamenepa ndi pamene pali ntchito yonse, musafulumire. Mukakanda pamene mlomo wa seal umayenda, ngakhale muike ya golide idzadontha. Njira ziwiri. Boolani kabowo kakang'ono pakati pa nkhope ya seal, kutali ndi shaft komanso kutali ndi head, mulowetse ka screw kosongoka mizere iwiri itatu yokha nkukoka ndi pulayala. Kapena kulungani tepi kunsonga kwa sikuludiraiva yaing'ono nkukanula pang'onopang'ono mozungulira, nsonga ikuloza kunja osati ku shaft.

Achimwene a ku Kanengo: Bwanji osangomasula cap yoyambayo, seal imangotuluka ndi zala

Madala a ku Biwi: Zimatheka ndipo ine ndimapanga, koma pobwezera pamafunika kupukuta bwino, kupaka sealant pang'ono mmakona ake ndi kumanga ndi muyeso, timabawuti timeneto ndi 13 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), ukawonjezera mphamvu mizere ya mu head imatha. Ma cap enawo asakhudzidwe nkomwe, cam ya intake ili ndi giya yapawiri yokhala ndi spring imene imafuna kumangidwa ndi bawuti kaye isanachotsedwe. Kwa munthu woyamba screw ija ndi yabwino.

Bambo a Tadala: Yatuluka ndi screw, yasweka pawiri mmanja mwanga. Koma pa shaft ndikuona kamzera kozungulira pamene inkakhudza, ndikayendetsa chikhadabo ndikukamva pang'ono. Ndiye kuti cam yatha?

Madala a ku Biwi: Ayi, nzachizolowezi pa injini ya zaka zimenezi, makamaka ndi fumbi lathu la Lilongwe lino, limalowa nkumapera pamodzi ndi oyilo. Ngati chikhadabo chikungomva osakodwa palibe vuto. Pukutani bwino, ndipo seal yatsopano muikhazike mosiyana pang'ono ndi pamene panali yakale, ngati milimita imodzi, kuti mlomo ukayende pa chitsulo chosadyeka. Osailowetsa mpaka kumapeto, kuseri kuli njira yobwererera oyilo isatsekeke. Mbali ya spring iyang'ane mkati mwa injini, ya manambala kunja. Pakani girizi pang'ono pa mlomo, youma imapsa pa kuliza koyamba. Kunja kwake osapaka silikoni.

Bambo a Tadala: Yoyamba yaonongeka madala, mlomo unapindika polowa pa mphepete pa shaft ka spring nkudumpha. Bola munanena zogula ziwiri

Mnyamata wa ku Technical: Dulani kachidutswa ka botolo la pulasitiki lopyapyala mukulunge kumapeto kwa shaft ngati fanulo, pakani oyilo, seal itsetsereke pamwamba pake kenako musolole pulasitikiyo. Pokhoma gwiritsani soketi yaikulu kapena kapaipi ka PVC kofanana ndi mphepete yakunja, pang'onopang'ono mozungulira kuti isalowe chopendekeka

Bambo a Tadala: Yalowa bwinobwino, yakhala mofanana mbali zonse. Ya crank nayo tasintha, inali itayamba kunyowa. Ma torque ndi angati? Mlamu wabwereka torque wrench kuntchito kwawo

Mnyamata wa ku Technical: Ya pule ya cam 59 Nm, ya crank 118 Nm. Mapule onse ndi ma cover muwatsuke aume kaye lamba watsopano asanakhudze

Madala a ku Biwi: Lamba akalowa masulani tensioner kuti spring imukoke yokha, osamukankha ndi chitsulo kuti athine kwambiri, akathinitsa amalira ndipo amadya bearing. Kenako zunguzani crank ndi dzanja maulendo awiri athunthu nkuonanso ma mark onse awiri. Akasiyana ngakhale dzino limodzi vulani muyambirenso, ndi bwino pano kusiyana ndi mutamanga mounting. Mukakhutira ndiye mangani tensioner. Pa top cover sealant ndi timadontho mmakona mokha pamene gasiketi imakwera pa cap, osati mzere wonse, ndipo zingwe za silikoni wakale zija muzitole zonse zisakatseke sefa ya mu sampu.

Bambo a Tadala: Ulendo woyamba cam inatsalira dzino limodzi, tavula taikanso, pano zonse zili pa mzere. Tikumanga

Bambo a Tadala: Yalira kamodzi nkamodzi abale!! Idling ili phee. Yatha mphindi makumi awiri palibe dontho. Tamaliza cha m'ma 3, manja onse akuda koma mtima uli mmalo. PCV ndaika yatsopano ndi kapaipi komwe, oyilo ndi filter ndasinthanso

Mai a Pempho: Ambuye alemekezeke. Lembani ma kilomita a lero pa cover ndi marker kapena pa kastika, lamba ameneyu ndi wa 100,000 km, patsogolo mudzaiwala

Wa Taxi ku Kawale: musasangalale msanga bwana, oyilo wakale amene ali pa chassis azidonthabe masiku awiri atatu. tsukani pansi ponse ku car wash kenako muziika katoni usiku

Bambo a Tadala: Ndabweranso patatha sabata ndi theka monga ndinalonjezera madala ku inbox. Lamulungu tinapita ku Salima nkubwerera, zitunda zonse zija kukwera ndi banja lonse mgalimoto. Katoni ndikuika usiku uliwonse ndi youma, dipstick ili pomwe ndinaisiya. Chatsala ndi kunyowa pang'ono pansi pa distributor mbali ya gearbox, ndikuganiza ndi O ring uja ananena achimwene a ku Technical

Mnyamata wa ku Technical: Ndi yomweyo. Musanaizule lembani mzere pa thupi la distributor ndi pa head komanso kumene rotor yaloza kuti timing isasokonekere. Loweruka ndilibe kalasi, ngati muli pakhomo nditha kubwera ndi timing light

Bambo a Tadala: Bwerani achimwene, mukatsike pa Nsungwi ndidzakutengani

Mai a Pempho: Mukamaliza kumeneko mundiuze, Sprinter nayo yayamba kunyowa pamalo omwewo